Musanafunse Polowera, Funsani Potulukira

Azakhali anga anali telala. Ndikuti anali chifukwa makina awo osokera tsopano avundikiridwa ndi chitenje pakona pa balaza, ndipo pamwamba pake pamakhala wailesi. Nyamakazi inayambira m'zala. M'mawa zinkadzuka zili gwa ngati nkhuni, kumasuka kwake mpaka dzuwa likwere. Kenako mfundo za zala zinatupa, manja onse awiri mofanana, ndipo tsiku lina anandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi m'singano, ntchito imene kale ankaichita uku akucheza ndi kasitomala, osayang'anako n'komwe. M'buku lawo la kuchipatala dokotala analembamo mawu awiri a Chingerezi, rheumatoid arthritis, n'kuwapatsa methotrexate womwa kamodzi pa sabata ndi prednisolone wa masiku amene ululu wanyanya.

Mwana wawo, msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ku Britain, ananditumizira uthenga pa WhatsApp usiku wina. "Asuweni, kuno anthu odwala ngati amayi akumalowa m'kafukufuku n'kumabayidwa jakisoni wodula osalipira kalikonse. Tafufuzani, mwina kumeneko ziliko." Ndinafufuzadi, ndipo chiyambire usiku umenewo nkhaniyi ikamakambidwa ndimatchera khutu. Pamene ndaima ndi apa: anthu athu odwala matenda oterewa azifunafuna kafukufuku, asamamuthawe. Koma asanagwire cholembera kuti asaine, funso lawo loyamba likhale la tsiku lomaliza. Kafukufukuyu akadzatha, ine ndidzatsala ndi chiyani m'manja?

Matenda amenewa alibe dzina limodzi m'chinenero chathu. Mafupa akamaphwanya timangoti nyamakazi, kaya ndi ya agogo kaya ndi ya mtsikana wa zaka 25. Koma pali gulu la matenda amene gwero lake ndi limodzi: asilikali a m'thupi, aja tinawadziwa bwino chifukwa cha HIV, asokonezeka mutu n'kuyamba kumenya mwini nyumba. Akamenya mfundo za mafupa, ndiyo rheumatoid arthritis ya azakhali anga. Akamenya msana mpaka kuuma, ankylosing spondylitis. Akamenya matumbo, munthu n'kumatsegula m'mimba miyezi ndi miyezi, mwina ndi magazi omwe, ndiyo Crohn's kapena ulcerative colitis. Pakhungu, psoriasis. Lupus ndiye siyisankha malo: khungu, mafupa, impso, magazi, ndipo mwa odwala 10 aliwonse pafupifupi 9 ndi akazi. Matenda onsewa satheratu. Amangogonekedwa, ndipo njira yowagonekera ndi kufooketsa asilikali omwe aja.

Jakisoni amene msuweni wanga ankanena ali ndi kwawo. Mu 1992, pa chipatala cha Charing Cross ku London, Ravinder Maini ndi Marc Feldmann a ku Kennedy Institute anapereka mankhwala atsopano kwa odwala nyamakazi 20 amene mankhwala ena anali atawakanika. Mankhwalawo ankatseka pakamwa kapuloteni kena kotchedwa TNF, kamene ntchito yake ili ngati ya lipenga loitanira asilikali ku nkhondo. Kutupa kunatsika m'masabata ochepa. Mankhwala amenewo ndi amene lero amatchedwa infliximab. Boma la America linawavomereza mu 1998 pa matenda a Crohn's, ndipo mnzake adalimumab anabwera mu 2002. Lero kuli anthu ambirimbiri amene amadzimangira okha mabatani a malaya chifukwa anthu 20 aja anavomera kulandira chinthu chimene palibe ankadziwa mathero ake. N'chifukwa chake mawu akuti "akungofuna kutiyesera" ine sandigwira mtima. Eya, akuyesera. Panado amene ali m'kabati mwanuyo anayeseredwanso pa mwana wa munthu.

Ndiponso kwa Amalawife kafukufuku si mlendo. Maanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anali m'gulu la amene analowa mu HPTN 052, kafukufuku amene mu 2011 anasonyeza kuti munthu akayamba ma ARV msanga, mpata wopatsira mnzake kachilombo umatsika ndi 96 peresenti. Ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid amene anayamba mu 2018, ndipo pofika 2023 katemerayo ankabayidwa kwa ana m'dziko lonse. Akatswiri alipo, a Malawi-Liverpool-Wellcome pa Queens, a UNC Project pa Central ku Lilongwe, ndi ena. Kungoti ndalama za kafukufuku kwathu kuno zimalondola malungo, HIV, TB ndi matenda a ana. N'zomveka, ndi amene amadzaza manda. Wa nyamakazi safa lero kapena mawa. Amangosiya kusoka.

Kufufuzako si ntchito yovuta, bola foni ikhale ndi bandulo. Kaundula wamkulu ndi ClinicalTrials.gov, wa boma la America, amene anatsegulidwa mu 2000 ndipo pano muli akafukufuku opitirira 500,000 a m'mayiko osiyanasiyana. Mumalemba dzina la matenda m'Chingerezi monga mmene lilili m'buku lanu la kuchipatala, n'kusankha dziko, kenako n'kusiyako okhawo amene alembedwa kuti "Recruiting", kutanthauza kuti akulembabe anthu. Aliyense ali ndi nambala yoyamba ndi zilembo NCT. Ilembeni papepala mupite nayo kwa dokotala wanu, chifukwa kalata yochokera kwa iye imatsegula zitseko zimene imelo yanu singatsegule. Bungwe la WHO lili ndi tsamba la ICTRP limene limasonkhanitsa makaundula a mayiko ambiri. Wathu wa mu Africa ndi Pan African Clinical Trials Registry, amene amasungidwa ku South African Medical Research Council ku Cape Town. A ku Britain ali ndi Be Part of Research, komanso mabungwe a odwala monga Lupus UK ndi Crohn's & Colitis UK.

Komatu kupezeka m'kaundula si chidindo cha boma, ndipo tsamba la ClinicalTrials.gov limadzinenera lokha zimenezi. Mu 2017 madokotala ku America analemba za amayi atatu amene anawonongeka maso koopsa atabayidwa ma stem cell, maselo amene amatha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi, pa kiliniki ina ku Florida. Aliyense analipira madola 5,000, ndipo ena mwa iwo ankaganiza kuti akulowa m'kafukufuku chifukwa cha zimene anaona pa kaundula yemweyu. Kafukufuku woona salipiritsa wodwala mankhwala amene akuyesedwa. Amakhalanso ndi chilolezo cha komiti yoteteza olowamo komanso cha bungwe loyang'anira mankhwala. Ku Malawi makomiti odziwika ndi NHSRC ndi COMREC, ndipo za mankhwala zili m'manja mwa PMRA. Ku Zambia ndi ZAMRA, ku South Africa ndi SAHPRA, ku Britain ndi MHRA. Amene akukuitanirani kafukufuku pa gulu la WhatsApp, ukamufunsa za komiti n'kuyamba kulankhula za maumboni a anthu ochira, ameneyo akugulitsa malonda.

Usiku uja, nditasankha Malawi, sindinapeze kafukufuku wa mankhwala atsopano a nyamakazi amene ankalemba anthu. Nditasankha South Africa panatuluka angapo, a makampani akuluakulu a mankhwala. Mtima unayamba kuwerengera mtengo wa basi ya ku Joni. Chisangalalocho chinatha nditafika pa chigawo chimene chimandandalika anthu osaloledwa.

Mndandanda umenewo uli ngati wolemba wake anachita kusanthula mabuku a kuchipatala a m'makomboni mwathu. Amene ali ndi HIV, ayi. Amene ali ndi hepatitis B, kawirikawiri ayi. Amene akudwala TB, ayi. Amene anadwalapo kale, akafukufuku ena amakaniratu, ena amafuna umboni wolembedwa woti anamaliza mankhwala. Azakhali anadwala TB kalekale, anamwa mankhwala mpaka kumaliza, koma khadi lake angalidziwe ndani kumene lili, munthu atasamuka nyumba za lendi katatu?

Lamulo la TB limeneli lili ndi mutu, sindingalitche tsankho chabe. Ambiri a ife tili ndi tizilombo ta TB togona m'mapapo, totsekeredwa m'kakhola kamene asilikali a m'thupi amamanga, ndipo TNF yemwe uja ndi amene amalimbitsa mpanda wa kakholako. Mukamutseka pakamwa, mpanda umagwa. Mu 2001 kunatuluka lipoti la anthu 70 amene anadwala TB atalandira infliximab, ndipo chiyambire pamenepo dokotala wosamala sapereka mankhwala a mtundu umenewu asanayeze TB. Koma taonani kumene zimatifikitsa. Mankhwala amayesedwa pa matupi osankhidwa bwino, amavomerezedwa, kenako amafika ku Baragwanath kapena ku Groote Schuur, zipatala zikuluzikulu za ku South Africa, kumene dokotala wakhala maso ndi maso ndi mayi amene ali pa ma ARV, anadwalapo TB, ndipo zala zikupindika mwezi ndi mwezi. Amupatse kapena asamupatse? Funso limene odwala athu akulifuna kwambiri ndi lomwe lija linasiyidwa panja pamene kafukufuku ankakonzedwa.

Nkhani ya lupus ndiye imandiwawa kwambiri. Matendawa amagwira akazi akuda kwambiri kuposa azungu, ndipo amawagwira moopsa, makamaka impso. Komabe pamene belimumab ankavomerezedwa mu 2011, mankhwala oyamba atsopano a lupus patatha zaka zoposa 50, anthu akuda amene anali m'akafukufuku ake anali ochepa moti sizinadziwike bwino ngati amawathandiza. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachita kulamula kampaniyo kuti ichite kafukufuku wina wa anthu akuda okhaokha. Anamutcha EMBRACE, ndipo South Africa ndi Britain anali m'gulu la mayiko amene munachitikira. Zotsatira zinabwera patapita zaka. Olandira mankhwala anachitako bwino, koma kusiyana kwawo ndi enawo sikunafike pa mlingo umene ofufuza anadziikira. Zaka zonsezo madokotala ankalembera akazi akuda mankhwala amene umboni wake unachokera kwenikweni pa matupi a ena. Ndiye inu achemwali a ku Leicester, ku Luton, ku Pretoria, kalata yoitanira kafukufuku ikabwera kuchokera ku chipatala chanu, musaiponye m'bini musanaiwerenge. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Tsopano tinene kuti mwaloledwa. Chimene ambiri sachigwira, ngakhale atasaina kale, n'chakuti kafukufuku anakonzedwa kuti ayankhe funso, ndipo kuchira kwanu kungabwere kapena kusabwere. Kompyuta imachita mayere: awa alandire mankhwala atsopano, awa akale, awa jakisoni wongofanizira wopanda mankhwala, amene amamutcha placebo. Inu simudziwa gulu lanu, ndipo nthawi zambiri dokotala amene akukuyezani sadziwanso. Amachitira dala, kuti chiyembekezo cha wodwala kapena cha dokotala chisapotoze zotsatira. M'akafukufuku ambiri a nyamakazi mumapitiriza methotrexate wanu, koma mankhwala ena amakusiyitsani kwa masabata angapo musanayambe, ndipo m'masabata amenewo ululu ukhoza kubwerera ndi ukali. Funsiranitu: matenda akandikulira pakati pa ulendo, mudzandipatsa chiyani, ndipo mudzadikira nthawi yaitali bwanji musanandipatse?

Magazi amatengedwa pafupifupi ulendo uliwonse, timabotolo tingapo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe, choncho mantha a magazi kwathu si nkhani yoseka, ndipo wofufuza amene amaseka wodwala wofunsa za magazi ake sakudziwa dziko limene akugwiramo ntchito. Magaziwa akupita kuti? Asungidwa zaka zingati? Atuluka m'dziko? Mayankho ake ayenera kukhala pa fomu. Odwala Crohn's ndi colitis adziwe kuti kamera ya m'matumbo ija, colonoscopy, idzalowa kangapo. Akazi amauzidwa kuti akhale pa njira yakulera yodalirika nthawi yonse ya kafukufuku, mwinanso kupitirirapo. Kwa mtsikana wa lupus amene wangokwatiwa kumene, apongozi akuwerenga miyezi chamumtima, chaka chathunthu chakulera si nkhani imene angaimalize yekha m'chipinda cha namwino. Fomu ya chilolezo muli ndi ufulu wopita nayo kunyumba, kuipempha m'chinenero chimene mumamva, ndi kukhala ndi mboni yanu ngati kuwerenga kumavuta. Mukhoza kutuluka tsiku lililonse, ndipo chipatala chanu cha masiku onse sichiyenera kukulandani chithandizo chifukwa cha zimenezo.

Funsaninso kuti kafukufukuyo ndi wa gawo liti. Gawo 1 ndi pamene mankhwala akulowa koyamba m'thupi la munthu. Gawo 2 ndi odwala ochepa, kufuna mlingo woyenera. Gawo 3 ndi odwala mazana kapena masauzande, ndipo wodwala wamba nthawi zambiri amakumana ndi limeneli. Kusiyana kwake si kwa papepala pokha. Mu Malichi 2006, pa chipatala cha Northwick Park ku London, amuna 6 abwinobwino anapatsidwa TGN1412, mankhwala amene ankayembekezeka kudzathandiza pa nyamakazi ndi khansa ina ya m'magazi. Mlingo wake unali wochepa kuwirikiza 500 poyerekeza ndi umene anyani anaupirira. Anawabaya motsatizana, patangopita mphindi zochepa pakati pa wina ndi mnzake, ndipo tsiku lomwelo asilikali a m'thupi mwawo anapenga, ziwalo n'kuyamba kuleka kugwira ntchito. Onse 6 anapulumukira m'chipinda cha odwala mwakayakaya, wina anataya zala za kumapazi ndi nsonga za zala za kumanja. Malamulo anasintha pambuyo pake, moti mankhwala oopsa chotere tsopano amayamba ndi munthu mmodzi n'kudikira. Amuna aja analonjezedwa mapaundi 2,000 aliyense. Musamachite manyazi kufunsa za inshulansi: ndikavulala, alipira ndani, mpaka liti?

Akatswiri amakonda kukangana za ndalama zimene olowa m'kafukufuku amapatsidwa, kuti mwina zimanyengerera osauka. Ku Malawi komiti ya NHSRC inalamula mu 2017 kuti pa ulendo uliwonse munthu azipatsidwa ndalama yofanana ndi madola 10. Ine ndikuona kuti pa matenda awa nyambo yeniyeni si ya thiransipotiyo. Nyambo ndi chisamaliro. Munthu amene wazolowera kuima pamzere kuyambira 5 koloko m'mawa kuti aonane ndi dokotala mphindi zitatu, mwadzidzidzi akupeza namwino amene akudziwa dzina lake, amene akumudina mfundo 28 imodzi ndi imodzi n'kumafunsa kuti apa pakupweteka, amene akumuimbira foni akajomba. Munthu wotereyo umuuze kuti ali ndi ufulu wokana, adzakuyang'ana ngati wamisala. Ndipo pamenepa ndi pamene pabisala nkhani ya tsiku lomaliza.

Pali mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Tinkapemphera mpingo umodzi asanapite. Nyamakazi inamugwira kumeneko, ndipo dokotala wa pa chipatala china anamulowetsa m'kafukufuku wa chaka chimodzi. Atabwera pa Khirisimasi ya chaka chimenecho anandionetsa manja ake ngati mwana woonetsa nsapato zatsopano. Anaviika chitenje m'ndowa n'kuchifinya mpaka dontho lomaliza. "Achimwene, taonani! Mopu ndikufinya ndekha, madamu aleka kundiyang'ana cham'mbali." Tinakumananso patapita Khirisimasi ziwiri. Kapu ya tiyi anaigwira ndi zikhatho zonse ziwiri, zala zitauma. Kafukufuku anatha, namwino anamukumbatira, anamupatsa kalata yobwerera nayo ku kiliniki yake yakale ndi ku mapiritsi ake akale. Jakisoni uja anali asanayambe kugulitsidwa, ndipo ofanana naye mtengo wake wa pamwezi unkaposa malipiro ake. Za gulu limene anali, ndi zimene kafukufukuyo anapeza, palibe anamuimbira. Ananena mawu amene sandichoka m'mutu: "Bola ndikanapanda kudziwa kuti manja angawa angathe kuchira."

Ndinamufunsa ngati anafunsa za zimenezi asanasaine. Anaseka. Fomu inali ya masamba ambiri, ya Chingerezi, ndipo iye maso anali pa tsiku loyamba kubayidwa.

Chikalata cha Helsinki, chimene bungwe la madokotala la World Medical Association linalemba mu 1964 n'kuchikonzanso posachedwapa mu 2024, chimanena momveka pa nkhaniyi. Chimati kafukufuku asanayambe, eni ake ndi ofufuza akonzeretu mmene olowamo amene adzafunebe mankhwala opezeka kuti ndi othandiza adzawapezere, kaya kuchokera kwa iwo, ku zipatala kapena ku boma, ndipo olowawo auzidwe zimenezi pamene akupereka chilolezo. Mawu abwino. Kungoti chikalatacho si lamulo la dziko lililonse, ndipo mphamvu yake imadalira komiti imene ikuvomereza kafukufuku komanso wodwala amene wafunsa. Akafukufuku ambiri a makampani amakhala ndi gawo lopitiriza, limene amalitcha open-label extension, pamene onse, ngakhale aja anali pa placebo, amalandira mankhwala enieni kwa chaka kapena zingapo. Ena alibe. Ena ali nalo koma limatha tsiku limene mankhwala avomerezedwa kugulitsidwa, ngati kuti kupezeka m'famase ndi kupezeka m'thumba la wantchito wa m'nyumba. Choncho funsani ngati gawo limenelo lilipo, litenga nthawi yaitali bwanji, ndipo likadzatha mudzapita kuti. Yankho likhale lolembedwa. Lonjezo la pakamwa la namwino wokoma mtima silimanga kampani imene ili kutsidya kwa nyanja.

Wina anena kuti ndikuchulutsa zofuna. Kampani si boma, singadyetse munthu mankhwala moyo wake wonse, ndipo tikaumitsa malamulo akafukufuku ochepa amene amafika mu Africa adzathawira kwina. Anenanso kuti chaka chimodzi chopanda ululu ndi chaka ndithu, komanso nyamakazi imadya mafupa nthawi imene yatupa, choncho miyezi 12 imene inagonekedwa ndi mafupa amene anapulumuka. Mfundo yachiwiriyi ndikuivomera, ndipo n'chifukwa chake sindikuuza aliyense kuti akane kafukufuku wopanda gawo lopitiriza. Akhoza kulowa, koma alowe akudziwa kuti akubwereka, asaganize kuti wapatsidwa. Mayi uja sanadandaule kuti analowa. Chinamupweteka n'chakuti chitseko chinatsekedwa iye asakudziwa kuti chili ndi loko.

Mfundo yoyambayo ndiye sindikuigula. Olowa m'kafukufuku pa malo amodzi amakhala anthu owerengeka, mwina 10, mwina 20. Kuwapatsa mankhwala zaka zingapo ndi kadontho poyerekeza ndi ndalama zimene kampani imawononga pa kafukufuku yense, osanena zimene idzapeze mankhwalawo akadzalowa pamsika. Ndipo mitengo si mwala. Adalimumab atayamba kupangidwa ndi makampani ena ku Ulaya mu 2018 mtengo wake unatsika, ndipo mu 2019 WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kuyesetsa kukhala nawo. Ana a ku Ndirande anatisonyeza kuti zimatheka kuchoka pa kafukufuku mpaka kufika pa katemera wa dziko lonse m'zaka 5. Zinatheka chifukwa panali anthu amene ankaganizira za mapeto kuyambira pa chiyambi. Makomiti athu, tsiku limene kampani idzagogode ndi kafukufuku wa nyamakazi kapena lupus, aifunse funso lomwelo asanadinde chilichonse.

Koma kampaniyo idzagogoda bwanji pa khomo limene sikudziwa kuti muli anthu? Apa mlandu ndi wathu. Kafukufuku amapita kumene odwala awerengedwa, kumene dokotala anganene kuti ndili ndi odwala lupus akutiakuti, mayina awo ali m'kaundula uyu, magazi awo timayeza mwakuti. Kwathu madokotala a matenda a mafupa otupa ndi owerengeka, ndipo wodwala Crohn's akhoza kumwa mankhwala a TB ya m'matumbo mpaka kumaliza asanaganiziridwe za matenda ena, poti zizindikiro zake zimafanana kwambiri. Wa lupus amayamba wazungulira kwa asing'anga ndi kwa aneneri, kufika ku chipatala chachikulu impso zitatopa kale. Kaundula wa odwala pa Queens, pa Central, pa Zomba ndi pa Mzuzu safuna mamiliyoni a madola. Amafuna munthu wolimbikira ndi kompyuta imodzi. Odwala nawonso atasonkhana, monga anachitira anzathu a HIV pamene ma ARV anali maloto, mawu awo angamveke kuposa a mlembi mmodzi wa ndemanga.

Loweruka lapitali ndinapita kwa azakhali kukawafotokozera zonsezi, za mayere, za placebo, za khadi la TB. Anamvetsera ali chete, akusisita dzanja lina ndi linzake. Kenako anandituma kuchipinda kukatenga sutikesi yakale ya pansi pa bedi. Munali malisiti a lendi, mapatani a madiresi odulidwa pa nyuzipepala, ndi mabuku a kuchipatala anayi omangidwa ndi kansalu. Khadi la TB linali m'kati mwa lachiwiri, litachita chikasu koma likuwerengeka.

"Ulijambule ulitumize kwa msuweni wakoyo," anatero, uku akundikankhira foni yawo ndi chigongono, poti timabatani take zala sizithanso kudina. "Ndipo umulembere kuti amayi akufunsa: akamaliza kundiyeza azungu akowo, jakisoniyo azidzandibaya ndani?"